Kodi mayi angakhale ndi mbumba? Funso lochokera pa chiliza cha agogo anga

Mdzukulu wa ku Mitundu:
Loweruka lapitali tinali kumudzi kukavundukula chiliza cha agogo anga obala mayi, amene anatisiya chaka chatha, ndipo achibale anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwa zidzukulu. M'mawu anga ndinati agogowo asiya mbumba yaikulu, ana 7 ndi zidzukulu 31. Anthu atabalalika, atsibweni anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza motsitsa mawu kuti mkazi sakhala ndi mbumba, popeza iye mwini ndiye mbumba, ndipo agogowo anali mbumba ya mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Zinandipweteka, chifukwa amene ankasunga mtundu wathu anali agogowo. Madzulo akamatong'ola chimanga m'lichero ankatchula mayina a makolo mpaka mibadwo isanu, ndipo mwana akabadwa ankamuyang'ana kaye makutu ndi zala asananene kholo loti amutchulire dzina. Kodi ndinalakwitsadi, akuluakulu?

Naphiri wa ku Kasungu:
Pepani ndi imfayo, mwanawe. Mwandikumbutsa agogo anga amene sankalola kuti mwana wamkazi akatengedwe chitengwa iwo asanamve mawu a mlongo wawo, ngakhale mlongo wawoyo anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri ndipo anamubereka kumbuyo ali khanda. Ankati, "Kafunseni eni mbumba." Koma tonse tinkadziwa kuti eni mbumbawo akabwera, ankayamba alowa kukhitchini kwa agogo, ndipo zimene ankanena pabwalo zinali zomwe amva pafupi ndi mafuwa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dowa:
Ine ndikuona kuti simunalakwitse. Mawu akuti mbumba ndimawamva kuti akuchokera ku kuumba, monga mayi aumba mbiya ndi dothi. Nanga aumba banja ndani, ngati si amene anabala, kuyamwitsa ndi kulera? Atsibweni anu akusunga mwambo wa pabwalo la milandu, koma mawuwo ndi akale kuposa bwalolo.

Wa ku Katete:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, kufanana kwa mawu si umboni. Kuno kwathu, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika mwezi wa Ogasiti kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mbumba ya munthu ndi alongo ake pamodzi ndi ana awo, ndipo iye ndiye nkhoswe yawo pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Agogo anu mukanawatcha tsinde, ndipo ana awo ndi zidzukulu za kuchikazi ndiwo bele lawo. Agogo anga ankati ife ndife a bele laling'ono, n'chifukwa chake ufumu wa m'mudzi sunkatifika, ndipo ankanena zimenezi mopanda kaduka, uku akusenda mtedza.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dowa:
Tsinde ndalimva, koma tsinde ndi mtengo, ndipo mtengo suumba kanthu. Ndikubwereza kuti amene anaumba ndiye mwini chimene chaumbidwa. Mayi anga ankaumba miphika, ndipo ndinawamva kangapo akuloza ife ana n'kunena kuti "mbumba yangayi yandilemetsa."

Nambewe wa ku Chiradzulu:
Agogo anga ankasimba za njala ya 1949, pamene amuna ambiri anachoka m'midzi kukafuna chakudya ndipo ena sanabwererenso. Iwo anatsala ndi ana awo ndi ana a mng'ono wawo, n'kuwadyetsa zikhawo ndi gaga. Mlongo wawo, mwini mbumba, anali kumigodi ku Joni. Mpaka imfa yawo sanadzitche mwini mbumba, koma tikamawafunsa ankaseka n'kunena kuti dzina linali la mlongo wawo, thukuta linali lawo. Kaya zimenezi zikuthandiza mbali iti, aweruze ena.

Wa ku Katete:
Chimene chinasokoneza mawuwa m'makutu a ambiri ndi ndale. Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ndipo amayi onse a m'Malawi ankawatcha mbumba yake, mpaka ulamuliro wake unatha mu 1994. Amene anakula nthawi imeneyo akamva mbumba amaona amayi ovala nsalu ya chipani akuvina pabwalo la masewera. Komabe taonani, aphunzitsi, kuti ngakhale pamenepo mwini mbumba anali mwamuna, ndipo anabwereka mawuwo monga momwe mwambo umawagwiritsira ntchito.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dowa:
Kamuzu sanaumbe munthu aliyense, choncho chitsanzo chanucho chikungosonyeza kuti amuna anazolowera kutenga mawu a amayi. Sindikusuntha.

Naphiri wa ku Kasungu:
Ine chondidandaulitsa n'chakuti mkanganowu tikuuchita ife okhaokha a imvi. Mdzukulu wanga amatcha mlongo wa mayi ake "ankolo," ndipo mng'ono wa bambo ake amamutchanso "ankolo," osadziwa kuti mmodzi ndi atsibweni amene adzamuimire pa chinkhoswe, winayo ndi bambo aang'ono. Mayi ake amawatcha "masteni," bambo ake "madala." Nditamufunsa mfunda wake anandifunsa ngati ndi chinthu cholemba pa fomu ya kusukulu.

Wa ku Johannesburg:
Ana asamangodzudzulidwa, mayi. Anga anabadwira kuno ndipo atsibweni awo amawaonera pa WhatsApp, tsono unkhoswe audziwira kuti? Ine ndemwe mawu akuti bele m'tanthauzo limeneli ndawamva lero, chonsecho ndinakulira ku Dedza.

Mdzukulu wa ku Mitundu:
Zikomo nonse. Ndawaimbira atsibweni n'kuwawerengera zonsezi. Za tsinde avomereza, za kuumba aseka kwambiri, koma anenanso kuti pa zidzukulu 31 zija ndichotsepo ana a iwowo ndi a abale awo aamuna, chifukwa amenewo ndi a bele la amayi awo ndipo ali m'mbumba ya eni ake kwina. Ndikatero zitsala 18, ndipo mwa ochotsedwawo muli msuweni wanga amene anawasamalira agogo miyezi 8 yomaliza, kuwasambitsa ndi kuwaphikira phala. Sindinamuuzebe.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dowa:
Musamuuze. Ameneyonso anaumbidwa ndi manja omwewo, ndipo mukanditumizira nambala ya atsibweni anuwo ndiwafotokozera ndekha.