Zija ndinafunsa za mawu akuti agree

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene abwana athu kuno ku Johannesburg nthawi zina amati agree with, nthawi zina agree to. Achimwene ena a ku Rosettenville andilongosolera bwino, ndiye ndati nanunso mumve.

Agree with ndi pamene maganizo anu akufanana ndi a munthu wina: I agree with you. Agree on ndi pamene anthu mwapangana chimodzi, monga mtengo wa lendi.

Koma wofunika kusamala naye ndi agree to, chifukwa apa mwavomera kuchita chinthucho. Mwini nyumba akafunsa kuti do you agree to the terms, inu n'kuyankha inde n'kusaina, basi mwadzimanga, ngakhale mumtima simukugwirizana nazo. Ambirife timasaina pepala la lendi tisanaliwerenge n'komwe, poti tikufuna chipinda msanga.

Musamati I am agree, am ameneyo safunika pamenepo. Ndipo mzungu akanena kuti beans don't agree with me, sakukamba za mkangano ayi. Akunena zomwe timanena ife kuti nyemba sizindiyanja, zimandipweteka m'mimba.