Za nyumba ya ku Area 25 ija: ndabwera ndi yankho

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndipitirize ndi ejenti wachinyamata amene ankandipezera nyumba ku Area 25 ku Lilongwe, poti anali atangoyamba kumene ntchitoyi. Ambiri munati ndisapereke khobidi ndisanachite search (kufufuza mwini wake weniweni wa nyumbayo) ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo. Zikomo kwambiri, abale anga, ndinamvera.

Zomwe zinatuluka zinandiziziritsa nkhongono. Title deed, chikalata cha umwini wa nyumbayo, idakali m'dzina la bambo amene anamwalira, ndipo wogulitsayo ndi mmodzi chabe mwa ana awo. Loya anandifotokozera kuti malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, munthu sangagulitse nyumba ya malemu popanda ma letters of administration, makalata ochokera kukhoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Ndikanalipira, mawa abale ake akanabwera n'kundiuza kuti nyumbayo sanaigulitse. Kuwonjezera apo, panalinso ngongole ya ma city rates (msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo ya mzinda) imene palibe anaitchula.

Ejenti wachinyamata uja si wakuba ayi, ndipo mtima wanga ukundiwawa naye. Iye anangoona fotokope ya deed n'kukhulupirira. Nditamufunsa ngati dzina la pa deed likufanana ndi la pa chitupa cha wogulitsa, anangoti kakasi. Anali asanaganizepo zimenezo. Komabe ankandikakamiza kupereka dipoziti tsiku lomwelo, ati kuli wina akuifuna.

Ndalama ya loya ndi yoonetsera nyumba yapita, koma ndalama ya nyumba ili kubanki. Banjalo lati likukonza mapepala, ndipo ndawauza kuti akamaliza ana onse adzasaine pamaso pa loya wanga.