Anthu 400, masiku atatu, ndalama ya ndiwo ya tsiku limodzi

Nachisale wa ku Ntcheu: Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Andipatsa khitchini ya msonkhano wa amayi a mpingo wina kuno, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu masana. Akuti anthu 400. Chimanga chilipo, mipingo yasonkha za masika matumba 8 a 50 kg. Koma ndalama ya ndiwo, mafuta, shuga, mchere ndi nkhuni ndi yoti ndikagula nkhuku za Loweruka lokha yathera pomwepo. Ndawauza a komiti, akuti "mayi, Mulungu apereka." Migolo yodula ndili nayo 4, mapoto aakulu awiri, ondithandiza 6. Ndiphike chiyani kuti ndisachite manyazi? Za mpunga musatchule n'komwe.

Bambo Gondwe: Soya pieces mayi. Nkhani yatha. Katoni ku holoselo, tomato ndi anyezi, anthu adya.

Mayi a Tadala: Tisanafike ku ndiwo, matumba 8 amenewo mwawawerengera bwino? Nsima muphika kanayi: Lachisanu usiku, Loweruka kawiri, Lamulungu masana. Ine ndimaika thumba limodzi la ufa pa anthu 250 ngati wogawa ali ndi dzanja louma. Ndiye kanayi pa anthu 400 ndi matumba 6 ndi theka, phala la m'mawa kawiri likudyerani pafupifupi thumba lina. Zimenezo ndi mukagayitsa mgaiwa. Mukati mukonole, muviike, mupange ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lipita ku madeya, ndipo Lamulungu mudzaima pa mafuwa opanda ufa. Mgaiwa, kapena gramil ngati akudandaula kwambiri.

Nachisale wa ku Ntcheu: Mgaiwa kwa amayi busa? Andidya wamoyo.

Mayi a Tadala: Konolani thumba limodzi la tebulo la alendo. Ena onse mgaiwa, ndipo muwauze a komiti lero, asadzadabwe pa mzere.

Anaphiri a ku Limbe: Chimanga chosonkha chimenecho muchitsegule thumba ndi thumba, inu nokha. Chaka china ndinalandira chotere osayang'ana, tinangotengera kuchigayo. Thumba limodzi linali lothira Actellic kumene, lina lachuku pansi pake. Nsima inatuluka ikununkha mankhwala, mgolo wonse tinakataya kudzala, anthu ali pa mzere mbale m'manja. Kusonkha kwa mpingo ena amabweretsa chomwe kunyumba kwawo achikana. Chopepeta chipepetedwe, chonunkha chibwezedwe, musachite nacho ulemu.

Bambo Gondwe: N'chifukwa chake ndikuti soya. Sawola, safuna filiji, mphindi 20 wapsa. Nyemba zidya nkhuni za msonkhano wonse.

Achimwene a Mbaula: A Gondwe, soya wa anthu 400 mafuta ake mwawawerengera? Amamwa mafuta ngati siponji, ndipo ukawumira amamveka ngati makatoni. Mayi, muli ku Ntcheu, Lizulu ili pakhomo panu pomwepo, Tsangano nayo si patali. Kabichi, tomato, anyezi, mbatatesi mukagule komweko m'mawa kwa alimi, osati kwa opikulitsa pa boma. Tomato funsani wakupsa kwambiri uja amamutsitsa mtengo, wa supu safuna kukongola. Ine ndikanachita chonchi: Lachisanu usiku kabichi ndi usipa, poti anthu amafika mochedwa ndipo zimapsa msanga. Loweruka masana nyemba ndi mpiru wotendera, nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta. Usiku soya wa a Gondwe uja, kuti agone tulo. Lamulungu nyemba zina, ndi kanyama ngati katsala kandalama. M'mawa phala la mgaiwa la nsinjiro, kapena mbatata yowiritsa ndi tiyi. Buledi ayi.

Nabanda: Pa nyemba ndiimepo kaye, chifukwa ndi zomwe zinanditayitsa makasitomala. Musaphike usiku kuti muzidzangotenthetsa mawa. Ndinachitapo pa chitsitsimutso china mwezi wa October, kutentha kuja. Tinaphika mgolo wodzaza Lachisanu usiku, tinathiriratu tomato, n'kuvundikira. Mgolo waukulu pakati pake supola msanga, umangokhala wofunda usiku wonse. M'mawa ndikuvundukula, thovu pamwamba, fungo lokha ndinadziwa kuti zasasa. Mtsikana wina akuti tithire soda zibwerera. Ndinamuyang'ana. Tinataya, ndinagula kabichi ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amati ndinabisa nyemba. Viikani usiku, tayani madziwo, muyatse moto 4 koloko m'mawa. Zoviika zimapsa msanga, nkhuni zomwe akudandaula a Gondwe zimatsikanso. Ndipo mugule nyemba za chaka chino za mtundu umodzi, mukasakaniza kholophethe ndi zina zakale zina zimaphwanyika zina zikadali miyala.

Bambo Gondwe: Mwaona? Soya akanasasa?

Nabanda: Akanasasa bwinobwino a Gondwe, chilichonse cha tomato chogona mu mgolo chimasasa.

Mayi a Tadala: Koma zonsezi ndi zachabe ngati 400 ameneyo ndi wa pakamwa. Msonkhano wa amayi, aliyense ali ndi mwana kumbuyo ndi wina wogwira chitenje. Onjezani makwaya, madalaivala a malole, achinyamata omanga zisakasa, ndi a m'mudzi omwe amatulukira utsi ukangoyamba. Lamulungu mpingo wonse umabwera ku mapemphero, ndipo palibe amene amapita kwawo akamva fungo. Ndinauzidwapo 300 n'kugawira anthu oposa 500. Funsani kaundula wa olembetsa, mudule timapepala ta chakudya, mtundu wina pa chakudya chilichonse. Chipande chigwire anthu anu, osati odzipereka a mpingo. Wodzipereka akaona mlamu wake amaika mitanda itatu.

Anaphiri a ku Limbe: Ndi makontena aja amabwera nawo m'zikwama. Komanso tebulo la abusa mulipatule poyamba, mbale zake zivundikiridwe zikakhale m'nyumba. Mukangosiya nkhuku pa khitchini, aliyense wovala jekete ndi mlendo wolemekezeka.

Achimwene a Mbaula: Madzi bwanji kumeneko, mjigo kapena chitsime? Kolera wa 2022 ndi 2023 uja tisamuiwale, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Ndowa za mpopi ndi sopo poyambira mzere, osati beseni limodzi losambamo onse. Klorini kapempheni kwa alangizi a zaumoyo. Thobwa lobwera ndi anthu m'zigubu ine sindililola pafupi ndi khitchini yanga, wina akatsegula m'mimba dzina lotchulidwa ndi lanu.

Nachisale wa ku Ntcheu: Mjigo ulipo koma uli kuseri kwa sukulu. Za timapepala a komiti akana kale, akuti m'nyumba ya Mulungu sitiwerenga anthu. Ndikumana nawonso mawa.

Mayi a Tadala: Ndiye asayine kuti ufa ukatha si mlandu wanu.

Bambo Gondwe: Mukakumana nawo muwauze za soya. Ine chaka chatha ndinadyetsa ukwati wonse, palibe anadandaula.

Nabanda: Sanadandaule pamaso panu.

Anaphiri a ku Limbe: Pepani kudula nkhani, alipo ali ndi mthiko waukulu wa mu mgolo kuno ku Blantyre? Wanga wathyoka pa maliro dzulo ndipo Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Bangwe.