Ndithandizeni: makomiki ati oti ndimugulire mwana wa zaka 13?

Wofunsa:
A Admin ndibiseni dzina chonde, ndi mphatso ya Khrisimasi ndipo abale anga ambiri ali pa gulu lino, angakaulule.

Moni nonse. Ndili ndi mnyamata wa zaka 13, ali Fomu 1. Mafilimu a Marvel amawadziwa pamtima, a Batman ndiye osanena. Koma ukamupatsa buku, tsamba lachiwiri salifika, tulo tabwera. Mng'ono wanga amakhala ku Leeds ndipo akubwera mu Disembala, wandifunsa kuti amutengere chiyani mwanayu. Ndaganiza za makomiki, poti ndinamva kuti mafilimuwa anachokera m'mabuku a zithunzi, mwina angayambire pamenepo kukonda kuwerenga.

Nditafufuza pa intaneti mutu wangozungulira. Batman yekha mabuku ake ndi osawerengeka, ndipo olembedwa nambala 1 alipo ambirimbiri. Chikwama cha mayi ake aang'onowo ndi makilo 23, chadzaza kale ndi zopempha za abale, ndiye andilola mabuku atatu kapena anayi basi. Ayambire pati? Kodi onse ndi oyenera msinkhu wakewu? Chingerezi chake si chozama kwambiri? Ndipo ngati ilipo ngwazi ya kuno ku Africa ndingasangalale.

Wamakomiki wa ku Zomba:
Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatumize uthenga ku Leeds. Choyamba muwauze asagule timabuku topyapyala tija totuluka mwezi ndi mwezi. Kamodzi kamakhala ndi masamba makumi awiri ndi pang'ono, ndipo nkhani imadukira pakati. Kali ngati ufa wa wokumani, wadya lero mawa ukufunanso wina. Agule amene anasonkhanitsa timabuku tingapo m'buku limodzi, m'sitolo amawatchula kuti trade paperback. Ndipo poti mabuku ndi anayi okha, sankhani nkhani zimene zimayamba ndi kutha m'buku lomwelo.

Ine loyamba ndingati Ultimate Spider-Man, buku loyamba, la Brian Michael Bendis ndi wojambula Mark Bagley. Spider-Man anayamba kalekale mu 1962, koma mu 2000 a Marvel anaiyambanso nkhaniyo pachiyambi penipeni kuti achinyamata asavutike ndi mbiri ya zaka pafupifupi 40. Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man, ali ndi zaka 15, anzake kusukulu amamuvutitsa, akuleredwa ndi amalume ndi azakhali ake. Chomwe ndimalikondera ndi choti silithamanga. Amalume akewo, Uncle Ben, umamudziwa bwino, umamukonda, ndiye akamafa zimakupweteka ndithu. Anthu ake amayankhula Chingerezi cha tsiku ndi tsiku, ziganizo zifupizifupi. Ngati mwanayo amakonda Spider-Man wakuda uja wa m'makatuni, ndi Miles Morales, anamuyambitsa Bendis yemweyo ndi Sara Pichelli mu 2011. Koma ayambe ndi Peter, poti Miles amalowa Peter wa m'nkhani imeneyi atamwalira.

La Batman, aliyense akuuzani Year One la 1987, la Frank Miller ndi David Mazzucchelli. Ndi timabuku tinayi tokha, lopepuka m'chikwama. Likunena za chaka choyamba cha Bruce Wayne ngati Batman, akulakwitsa, akuvulala, apolisi akumusaka. Koma theka la bukuli ndi la Jim Gordon, wapolisi wachilungamo amene wafika mu mzinda momwe kuyambira komishonala mpaka wapolisi wapamsewu onse amadya ziphuphu. Akuluakulu mukaliwerenga mumagwedeza mutu, sindinena zambiri.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Watchmen basi. Enawa ndi masewera a ana.

Wamakomiki wa ku Zomba:
Achimwene mwawerenga funso koma? Mwana wa zaka 13. Watchmen ndi buku lapamwamba, sindikutsutsa, Alan Moore ndi Dave Gibbons anagwira ntchito. Koma muli kugwiririra, muli kupha mwankhanza, ndipo nkhani yonse yakhazikika pa mantha a nkhondo ya nyukiliya pakati pa America ndi Soviet Union m'zaka za m'ma 1980. Kumapeto kwa machaputala kuli masamba a malemba okhaokha opanda katuni. Mwana amene amagona pa tsamba lachiwiri mukufuna mumuphe? Komanso bukuli limagwetsa chithunzi cha ngwazi, ndiye limakoma kwa munthu amene anayamba wazikonda kaye ngwazizo.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Chabwino akulu, ndagonja. Ndiye The Killing Joke, ndi lalifupi.

Mayi wa ana atatu:
Ayi ayi. Limenelo ndinalilanda kwathu. Joker amawombera mtsikana, Barbara Gordon, kumupundula, kenako kumuvula n'kumujambula zithunzi. Asisi, zoti ndi makatuni zisakupusitseni. Muwauze achemwali anuwo aziyang'ana pachikuto, nthawi zambiri pafupi ndi mizere ya mtengo ija pamalembedwa msinkhu. Akaona T kapena 13+ ndi bwino. Akaona MAX, Black Label kapena 17+ abweze pa shelefu. Mwana akadzakuuzani za Invincible chifukwa anaona katuni yake, dziwani kuti ndi magazi okhaokha.

Ngakhale Year One akunenalo ine ndili ndi chikaiko. Catwoman amayamba ali hule m'bukumo, ndipo Gordon amazembera mkazi wake ali ndi pakati.

Wamakomiki wa ku Zomba:
Zoona mayi, zimenezo zilimo, ngakhale palibe zithunzi zolaula. Ndinganene kuti kholo liyambe lawerenga lokha, ndi la madzulo amodzi. Mukaona kuti ayi, lisungeni mpaka Fomu 3. Lina ndi The Long Halloween la Jeph Loeb ndi Tim Sale, la 1996 mpaka 1997. Chigawenga china chikupha anthu a m'magulu a zigawenga pa masiku a tchuthi okhaokha, mwezi ndi mwezi, Batman akufufuza. Mwana amakhala akuyerekeza yekha kuti wakupha ndi ndani, ndipo Joker, Riddler, Poison Ivy ndi Two-Face onse amatulukamo. Koma ndi timabuku 13, ndiye ndi lonenepa, ndipo nalonso mfuti zimalira.

Aphunzitsi a Chingerezi:
Ndiyankheko la chiyankhulo. Musadere nkhawa kwambiri, mayi. Chithunzi chimamunyamula mwana pamene mawu amuvuta, amangoona nkhope ya munthu n'kudziwa kuti mawuwa ndi a mkwiyo kapena a mantha. Chimene chimavuta ndi Chingerezi cha mumsewu cha ku America, ndiponso makomiki akale a m'ma 1960 ndi 1970 amene amadzaza mawu pa chithunzi chilichonse.

Ine ndikupangirani buku limene sanalitchule: Superman Smashes the Klan, la Gene Luen Yang, linatuluka 2019 mpaka 2020. Analembera dala ana a msinkhu umenewu. Nkhani ikuchitika mu 1946. Banja la Achitchaina lasamukira m'dera la azungu ku Metropolis, gulu la tsankho lovala zinsalu kumutu layamba kuwaopseza, mpaka kuwatenthera mtanda pakhomo. Superman nayenso ndi mlendo padziko lino, akubisa zina mwa mphamvu zake kuti anthu asamuope. Mlembiyo anaitenga pa sewero la pa wailesi la 1946, ndipo kumapeto kwa buku anafotokoza mbiri yeniyeni ya tsankho ku America. Mwana amapeza nkhonya zomwe akufuna, inu mumapeza zoti mukambirane naye.

All-Star Superman la Grant Morrison ndi Frank Quitely anthu amalitama kwambiri, ndipo ndi lokongoladi: Superman wamwa mphamvu ya dzuwa yopitirira muyeso chifukwa cha msampha wa mdani wake Lex Luthor, akudziwa kuti akufa, ndiye akukonza zonse asanapite. Muli tsamba limodzi pamene akutonthoza mtsikana wofuna kudziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, limenelo lokha ndi phunziro. Koma machaputala ena ndi achilendo kwambiri, woyamba kumene akhoza kusokonezeka. Lidikire ulendo wina.

Mkulu wina:
Mayi samalani. Ana athu akuonongeka ndi zinthu za mizimu zimenezi. Bwanji osamugulira Baibulo la ana?

Wofunsa:
Baibulo ali nalo bambo, ndipo Sande sukulu sajomba. Zikomo pondikumbutsa.

Mlongo wa ku Area 25:
Black Panther bwanji simukumutchula? Mayiwa afunsa za ku Africa.

Wamakomiki wa ku Zomba:
Ndimabwera kumeneko asisi. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Filimu itatuluka mu 2018 aliyense anathamangira A Nation Under Our Feet la Ta-Nehisi Coates ndi Brian Stelfreeze, la 2016, chifukwa ndi limene linadzaza m'masitolo. Zithunzi zake ndi zokongola zedi, koma nkhani yake ndi ya ndale: anthu a ku Wakanda, dziko la Black Panther, agalukira mfumu yawoyo, asilikali ake ena aakazi amusiya, ndipo funso ndi loti kodi munthu mmodzi ayenera kulamulira dziko chifukwa chobadwira ku banja lachifumu. Kwa ife akuluakulu ndi nkhani yokoma, makamaka ife odziwa za mafumu ndi mavoti. Kwa mwana ndi zokambirana zambiri, ndewu zochepa, ndipo buku loyamba limathera m'malere.

La Christopher Priest loyamba mu 1998 ndi limene ambiri timati ndi lopambana. Ndi iye anayambitsa a Dora Milaje, asilikali aakazi oteteza mfumu aja, ndi Everett Ross, mzungu wa boma la America uja wa mufilimu. Koma Ross amafotokoza nkhani modumphadumpha, ayamba kumapeto, abwerere pakati, nthabwala zake ndi za Chimereka. Killmonger, mdani wa Black Panther, ndi wakale kuposa pamenepo, anachokera mu Panther's Rage ya Don McGregor ya 1973, koma ndi aja odzaza mawu amene aphunzitsi anena.

Ndiye kwa zaka 13 tengani Who Is the Black Panther? la Reginald Hudlin ndi John Romita Jr., la 2005. Ndi lolunjika. Likuonetsa adani akuyesa kulanda Wakanda kuyambira makedzana, atsamunda nawo akubwera ndi mfuti zawo, onse akubwerera manja ali m'khosi, ena osabwerera n'komwe. T'Challa, yemwe ndi Black Panther, akutenga ufumu, mdani wake Klaw akusonkhanitsa gulu lake lodzaukira. Shuri, mlongo wake wa T'Challa, anaonekera koyamba m'menemu.

Koma tinene chilungamo: Black Panther ndi wa ku America. Anamupanga Stan Lee ndi Jack Kirby ku New York mu 1966, mu Fantastic Four nambala 52. Wakanda ndi Africa wa m'maganizo a anthu a kunja.

Achimwene a ku Joni:
Eya, ndi zomwe ndimafuna kunena. Ngati mukufuna wopangidwa ndi mwana wa mu Africa muno, kuno kuli Kwezi wa Loyiso Mkize, anayamba mu 2014. Mkize anajambulakonso Supa Strikas, amene ambiri tinakula nawo. Kwezi ndi mnyamata wa zaka 19 mu mzinda wotchedwa Gold City, ukangoona umadziwa kuti ndi Johannesburg. Atazindikira kuti ali ndi mphamvu, choyamba ndi kudzijambula ndi foni ndi kufuna kutchuka, zopulumutsa anthu alibe nazo ntchito, mpaka anthu ena amphamvu ngati iye atabwera kudzamukumbutsa kwawo ndi makolo ake. Mwana wa masiku ano adziona yekha m'menemo. Kungoti limeneli musavutitse a ku Leeds, n'losavuta kupeza kuno. Anthu akubwera pa basi sabata iliyonse, mupeze wodziwana naye akutengereni.

Wophunzira wa ku Mzuzu:
Kuwonjezera apo, ku Nigeria kuli Comic Republic, ngwazi yawo yotchuka ndi Guardian Prime. Palinso Roye Okupe wa YouNeek Studios, analemba E.X.O., nkhani yochitikira ku Lagos wa m'tsogolo, ndi Malika, mfumukazi yankhondo ya ku West Africa. Mabuku a Okupe amasindikizidwanso ndi Dark Horse ya ku America, ndiye a ku UK akhoza kuitanitsa pa intaneti.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Civil War ndi Infinity Gauntlet bwanji, poti mwanayo amakonda mafilimu?

Wamakomiki wa ku Zomba:
Akhumudwa, sizifanana. Mu Infinity Gauntlet la 1991 Thanos, mdani wamkulu wa m'nkhanimo, sakupha theka la zamoyo chifukwa cha kuchepa kwa chakudya ngati mufilimu. Akufuna kusangalatsa Imfa, imene m'bukumo ndi mkazi amene iye akumufunsira, mkaziyo osamuyankha n'komwe. Ndipo mabuku onse awiriwa ali ndi ngwazi zambirimbiri zomwe amayembekeza kuti ukuzidziwa kale.

Mayi wa ku Manchester:
Langizo kwa achemwali anu ogulawo. Musangowauza kuti "Black Panther Volume 1", chifukwa mlembi watsopano akayamba nthawi zambiri amayambiranso pa 1. Atumizireni dzina la buku, dzina la mlembi ndi chithunzi cha chikuto pa WhatsApp. Asagule aja olembedwa Omnibus, limodzi lokha limadya makilo angapo. Ndipo ayambe ayang'ana ogwiritsidwa kale ntchito pa eBay kapena m'masitolo a kaunjika a mabungwe achifundo, mtengo umatsika kwambiri. Aitanitse msanga, mu Disembala katundu amachedwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndalemba Ultimate Spider-Man loyamba, Superman Smashes the Klan, ndi Black Panther wa Hudlin. Year One ndiliwerenga kaye ine monga mwanenera. Kwezi ndifunsa alamu anga amene amayenda ku Joni. Koma pabuka vuto lina: mlongo wake wa zaka 11 wandiona ndikulemba, akuti nanga iye? Kodi za atsikana ziliko, zoti ngwaziyo yavala bwino?

Aphunzitsi a Chingerezi:
Ms. Marvel, buku loyamba lotchedwa No Normal, la G. Willow Wilson ndi Adrian Alphona, 2014. Kamala Khan ndi mtsikana wa zaka 16 wa ku Jersey City, Msilamu, makolo ake anachokera ku Pakistan ndipo ndi okhwimitsa malamulo. Amazemba usiku kupita ku phwando lomwe anamuletsa, ndipo pobwerera ndi pamene amapeza mphamvu. Chovala chake anasoka yekha kuchokera ku chovala chosambira chobisa thupi lonse. Pachikuto pali T+, kutanthauza la achinyamata okulirapo, ndiye muwerenge naye limodzi. Muwauze mayi aang'onowo achotseko nsapato imodzi m'chikwamamo, likwana.