Dalaivala analipira chindapusa kukhoti, nanga wovulalayo apeza bwanji chipukuta misozi?

Mayi wa ku Lunzu:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa za malamulo. Papita chaka ndi miyezi inayi chichitikireni ngozi imene achimwene anga anagundidwa ndi minibasi pa msewu wa M1 akupalasa njinga kuchokera kumsika, ndipo mwendo wawo wakumanja unathyoka pawiri. Anagonekedwa m'chipatala masabata asanu ndi imodzi, anawaika zitsulo, ndipo mpaka lero amayendera ndodo, moti ntchito ya ukalipentala imene inkadyetsa ana awo anayi inaimiratu. Apolisi anatengera dalaivala kukhoti la majisitireti, iye anavomera mlandu woyendetsa galimoto mosasamala nalipira chindapusa. Ife tinkayembekeza kuti ndalamayo ifika kwa wovulala, koma anatiuza kuti inalowa m'thumba la boma.

Tsopano mwini minibasiyo watumiza mthenga ndi K400,000 kuti achimwene asaine kalata yonena kuti nkhani yatha. Abale ena akuti tingolandira chifukwa makhoti ndi a anthu andalama, koma ine mtima sukuvomera ndikaona mmene munthuyu akuvutikira kudzuka pamphasa. Kodi n'zotheka kusumanso pa nkhani imene khoti linaweruza kale? Ngati n'zotheka, tisumire ndani, ndipo mlandu wotere umayenda bwanji?

Kalaliki wakale wa maloya:

Mayi, pepani ndi zimene zagwera banja lanu. Choyamba, achimwene anuwo asasaine kalatayo loya asanaiwerenge, chifukwa munthu akavomera polemba kuti walandira zonse zimene amayenera kulandira, kumakhala kovuta kwambiri kubwereranso kukhoti.

Mlandu umene unaweruzidwawo unali wa boma ndi dalaivala, ndipo cholinga chake chinali kupereka chilango. Mlandu wa chipukuta misozi ndi wina, umayambitsidwa ndi wovulala mwini wake, ndipo kutha kwa woyambawo sikutseka njira ya wachiwiriwu. Ngakhale kalemeredwe ka umboni n'kosiyana, pakuti pa mlandu wa boma woweruza amafuna umboni wosasiya chikaiko, pamene pa mlandu wa chipukuta misozi n'zokwanira kusonyeza kuti zimene wodandaula akunena ndi zomveka kukhala zoona kuposa za mbali inayo.

Chimene chandichititsa kuyankha mwamsanga ndi nthawi. Lamulo limapereka zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi kuti munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina akayambitse mlandu. Koma lamulo la zapamsewu, limene mu gawo 148 limalola wovulala kusumira mwachindunji kampani ya inshuwalansi ya galimoto imene inamugunda, limapereka zaka ziwiri zokha pa ufulu umenewo. Mwa kawerengedwe kanu, kwatsala miyezi isanu ndi itatu. Ndinaona mabanja angapo akutaya mwayi umenewu chifukwa chodikira malonjezo a mwini galimoto.

Kawirikawiri loya amasumira dalaivala, mwini galimoto amene anamulemba ntchito, ndi kampani ya inshuwalansi pamodzi. Amayamba ndi kalata yoitanitsa chipukuta misozi, ndipo ikapanda kuyankhidwa bwino amakatula chisamani ku Bwalo Lalikulu, limene kwa inu ndi la ku Blantyre, pofotokoza mmene ngozi inachitikira, kusasamala kwa dalaivala, ndi mabala amene wodandaula anapeza. Malinga ndi malamulo oyendetsera milandu ya mtundu umenewu a chaka cha 2017, osumiridwa amakhala ndi masiku 14 osonyeza kuti atsutsa mlandu ndi masiku 28 opereka yankho lawo lonse, ndipo akangokhala chete wodandaula angathe kupempha chigamulo popanda kuzenga mlandu. Akatsutsa, mbali zonse zimayamba zakhala pamaso pa jaji ngati mkhalapakati kuti ziyese kumvana, ndipo milandu yambiri ya ngozi zapamsewu imathera pamenepo, makamaka pamene lipoti la apolisi likuloza dalaivala momveka. Kumvana kukakanika ndi pamene tsiku lozenga mlandu limaikidwa, mboni n'kupereka umboni ndi kufunsidwa mafunso ndi loya wa mbali inayo.

Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, mutanyamula lipoti la apolisi, buku la kuchipatala ndi kalata ya mwini minibasiyo.

Bambo wa ku Mzuzu:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene akuluwa afotokoza, koma ndiwonjezere zimene ndinadutsamo ndekha nditathyoka mkono pa ngozi ya basi. Kupambana mlandu ndi kudziwa kuchuluka kwa ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Khoti litagamula kuti osumiridwa ndi olakwa, tinakaonekeranso kwa rejisitala, mkulu wa kukhoti wowerengera kuchuluka kwa chipukuta misozi, amene anandifunsa za ululu umene ndinamva, zinthu zimene sindingathenso kuchita, ndi zipsera zimene ndinatsala nazo, ndipo ndinachita kuvula malaya kuti aone yekha. Iye amayerekeza ndi zimene makhoti anapereka kwa ena ovulala mofanana, n'kuganiziranso kutsika mphamvu kwa kwacha, monga kunachitika mu Novembala 2023 pamene inagwa ndi 44 peresenti. Lipoti la dokotala lonena kuchuluka kwa kulumala kosatha linandithandiza kwambiri, choncho achimwene anuwo akapimidwenso tsopano pamene zikuoneka bwino mmene mwendowo wapolera.

Pamene ndinaluza ndi pa ndalama zimene ndinagwiritsa ntchito. Zamankhwala ndi zoyendera zimafuna malisiti, ndipo zimene ndinalibe umboni wake rejisitala anazikana ngakhale anaona kuti sindinkanama. Kwa kalipentala wodzilemba yekha ntchito nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa ayenera kusonyeza zimene ankapeza pamwezi asanavulale. Funafunani kabuku kamene ankalembamo maoda, mauthenga a ndalama a pafoni, ndiponso makasitomala amene angavomere kukapereka umboni.

Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala ndi mapepala oti odwala asaine. Ine ndinapereka zikalata zanga kwa munthu wotere, ndipo ndinavutika miyezi yambiri kuti ndidziwe loya amene ankayendetsa mlandu wanga. Kakumaneni ndi loya maso ndi maso mu ofesi yake, tsimikizani ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, kuti ali ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo malipiro ake mugwirizane polemba mlandu usanayambe.

Wogwira ntchito za inshuwalansi ku Lilongwe:

Mayi, pali mfundo ziwiri zimene muyenera kuzidziwa kuti musadzakhumudwe. Kampani ya inshuwalansi imalipira mpaka pa malire olembedwa mu mgwirizano wake ndi mwini galimoto, ndipo m'zigamulo zambiri za zaka zapitazi malire amenewo akhala K5 miliyoni. Khoti likapereka ndalama zoposa pamenepo, zotsalazo zimafunidwa kwa dalaivala ndi mwini galimoto, ndipo akakana kulipira pamafunika chilolezo cha khoti kuti masherifi akalande katundu wawo. N'chifukwa chake sibwino kusumira kampani yokha.

Mfundo ina ndi yakuti osumiridwa angathe kunena kuti wovulalayo anathandizira nawo ngoziyo, mwachitsanzo ngati ankapalasa pakati pa msewu kapena usiku popanda zowala. Khoti likavomereza zimenezo limachepetsa chipukuta misozi molingana ndi gawo la kulakwa kwake, koma silimuchotsera chonse. Yang'anani pa lipoti la apolisi, chifukwa nthawi zambiri pamalembedwa dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya chiphaso chake.

Mayi wa ku Lunzu:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndayang'ana lipotilo ndipo dzina la kampani lilipo, komanso palembedwa kuti dalaivala ndiye anasiya mbali yake podutsa galimoto ina masana. Ndawauza achimwene kuti mthenga uja akabweranso amubweze ndi kalata yake, ndipo Lolemba tilawirira ku Blantyre ndi zikalata zonse. Kabuku ka maoda kapezeka kwa alamu anga, ngakhale masamba ena ananyowa ndi mvula.