Kodi red drum ingakhale m'damu la madzi opanda mchere?

Akuluakulu a m'gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za kuweta nsomba kuno ku Texas. Mnzanga ali ndi damu pamunda wake kunja kwa mzinda wa San Antonio, ndipo tagwirizana zothiramo nsomba zoti tiziwedza ndi mbedza. Iye mtima wake uli pa red drum, nsomba yofiirira yokhala ndi banga lakuda kumchira, imene kwawo ndi m'nyanja yamchere ya Gulf of Mexico. Akuti poti nsombayi imagwidwa ku Calaveras ndi ku Braunig, madamu aakulu opanda mchere, ndiye kuti kwathunso ikhoza kukhala. Ine ndikukayika, ndipo popeza ndalama zogulira mbewu tisonkha tonse, ndikufuna kudziwa ngati ingapirire nyengo yozizira komanso ngati ingaswane.

Yankho loyamba:
Achimwene, kukayika kwanu kuli ndi maziko. Madamu awiriwo anamangidwa kuti aziziziritsa makina opangira magetsi, choncho madzi ake amakhala ofunda ngakhale m'miyezi yozizira, pamene damu laling'ono la pamunda limazizira msanga kwambiri. Kumbukirani kuti chisanu cha mu February 2021 chinapha nsomba mamiliyoni m'mphepete mwa nyanja ku Texas komweko, kumene zili kwawo. Chachiwiri, red drum imafuna madzi okhala ndi calcium wambiri, chifukwa nsomba ya m'nyanja yamchere ikaikidwa m'madzi wamba thupi lake limataya mchere kudzera m'makha, ndipo calcium ndiye amachepetsa vutoli. Musanagule chilichonse, yezetsani madzi anu.

Yankho lachiwiri:
Za kuswana iwalani. Mazira a red drum amafuna madzi amchere kuti ayandame, ndipo m'madzi opanda mchere amamira n'kufa. Nsomba zimene mumaziona ku Calaveras zimachokera kumalo oswetsera, ndipo a Texas Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi nsomba, ndiwo amathiramo tiana tatsopano mobwerezabwereza. Inu mudzakhala mukugula mbewu nthawi ndi nthawi, pamwamba pa kuonetsetsa kuti m'damumo muli tinsomba tokwanira toti izidya, pakuti ndi nsomba yolusa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, koma nanga bwanji striped bass, nsomba ya mizere m'mbali, imaswana ku Lake Texoma, damu lalikulu lopanda mchere la m'malire a Texas ndi Oklahoma, chikhalirecho nayonso ndi ya m'nyanja yamchere?

Yankho lachiwiri:
Imeneyo nkhani yake ndi ina, chifukwa mwachibadwa imakwera m'mitsinje kukaikira mazira. Madamu a Santee Cooper ku South Carolina atatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, nsomba zina za mtunduwu zinatsekeredwa m'katimo ndipo zinapitiriza kuswana, anthu n'kuzindikira kuti zingathe kukhala moyo wonse osabwerera kunyanja. Ku Texoma zinathiridwa koyamba mu 1965. Komabe mazira ake amafuna mtsinje wautali woyenda kuti asakhazikike m'matope kwa masiku awiri kapena atatu asanaswe, ndipo damu la pamunda lilibe zimenezo. Mukafuna nsomba yokoka chingwe mwamphamvu, ganizirani ya haibulidi yochokera ku striped bass ndi white bass (m'bale wake wa m'madzi opanda mchere), imene imapirira kuzizira ndipo imadya chakudya chogula cha m'matumba. Kodi damu lanulo n'lozama bwanji, ndipo m'chilimwe madzi amatsika kufika pati?