Nthenga mumagwira ndi chani pomanga mafulayi ang'onoang'ono?

Anzanga omanga mafulayi owedzera nsomba (nyambo zopanga pomanga nthenga ndi ulusi pa mbedza), tandithandizeniko. Mbedza ndimaipana pa vayisi bwinobwino, ulusi uli pa bobbin (chogwirira ulusi), koma vuto lili pa nthenga. Ndikamakulunga nthenga ya tambala pa timbedza ta saizi 16 kapena 18, hackle pliers (chopanira nthenga) yanga yachitsulo ija imangopulumutsa nthengayo, ndikati ndipane mwamphamvu ndiye imadula kunsonga, basi zonse zamasuka kuyambiranso poyamba. Ena akuti kuveka kalabala kapena kachubu ka heat shrink (kofota kakatenthedwa) kukamwa kwake zimathandiza, alipo anayesapo? Nanga timakilipu tija ta amagetsi, totulutsa kangowe ukadina kumbuyo, sitithyola tsinde la nthenga?

China ndi CDC, nthenga zofewa za bakha zija. Kuziika mu lupu ya ulusi ndi zala ndi chintchito abale, kungopuma pang'ono zauluka kale. Kodi kilipu yakuda yopanira mapepala ija ingagwire, kapena ndingogula yapulasitiki yoonekera mkati kuti ndiziona podula ndi sizasi? Ndiye waya ndi tinsel (timizere tonyezimira) zolendewera kumbuyo zija mumazigwiritsa ndi chani kuti zisakole ulusi, kasipuling'i ka pa vayisi kapena maginito?